Zimene Wapanjinga Sananene

Mudzi wa Kalongwe, Zingalume, Chadiza
6 Malichi 2023

Fyness mwana wanga,

Moni wochokera kwa ine atate ako. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko, iwe, amuna ako a Terrance ndi kamdzukulu kanga Miracle? Ine ndilipo, bondo lokha ndi limene likundichita chipongwe. Mondokwa tayamba kuotcha, nsawa nazo zikulonjeza.

Usadabwe kuona kalata pamene unandigulira foni. Foni ija imagwira pachulu cha kuseri kwa tchalitchi pokha, ndipo munthu ukaima pamenepo n'kumafuula, amayi onse opita kumjigo amabwerako akudziwa za m'nyumba mwako. Ndiye ndapatsira kondakitala wa minibasi ya ku Chipata, iye akapatsira mnzake wa basi ya ku Lusaka.

Ndili ndi pempho. Ukukumbuka sewero la pa tivi lija amako ankalikonda, Fumbi la Pachigayo, limene unatiikira m'kafulashi eni ake ataleka kulionetsa? Chimwalirire amako mu Ogasiti muja, ndimaliika masana ndikabwera kumunda, dzuwa likadali ndi mphamvu yodyetsa batire. Likafika pothera ndimayambiranso gawo loyamba. Amalume ako a Timoti amabwera ndi kampando kawo, timaonera awiri. Mpando wa amako sitiukhudza.

Vuto ndi potherapo. Yosefe uja, mkamwini wogwira ntchito pachigayo cha apongozi ake, wayambana nawo, wamanga katundu, waima pamsewu. Basi yafika, kondakitala akuitana. Kumbuyoko mlamu wake akupalasa njinga fumbi lili koboo, wayasamula pakamwa kuti afuule. Pomwepo chithunzi chimaima, pamabwera mawu akuti "Ipitirira sabata yamawa." Sabata yamawayo yatha zaka. Amako anapita osadziwa ngati mlamu uja ankathamangira kukamubweza Yosefe kapena kukamulanda makiyi a chigayo, ndipo ankadandaula nazo ngati Yosefeyo ndi m'bale wawo.

Iwe uli ku Lusaka komwe kuli eni sewerolo. Kandifunsire kumene anasunga zigawo zotsalazo. Munthu sangayambe nkhani yabwino chonchi n'kuisiya panjira, zilipo ndithu penapake.

Nkhani ina ndi iyi. Akuchikazi sanandisudzulebe. Mwina za m'tauni zakuiwalitsa: mkamwini mkazi wake akamwalira, abale a mkaziyo amamukhazika pansi n'kumuuza kuti ukwati watha, ndi mfulu, njira ya kwawo yatseguka. Wonena mawuwo ndi a Timoti, poti ndiwo mwini mbumba. Akuti tikakolola. Kwathu ku Pembamoyo ndinachoka tsitsi lili bii, ndipo amene ankandidziwa kumeneko ambiri anatsogola. Ndiye mvula ikubwerayo idzandipeza pansi pa denga liti, sindikudziwa.

Ine ndikungodikira mathero basi, mwana wanga. Ndikawaona ndipumula.

Unditumizireko mankhwala opaka pabondo aja onunkha bulugama.

Ndine atate ako,
Wadson Sakala


Mtendere, Lusaka
2 Epulo 2023

Atate okondedwa,

Landirani moni wathu. Ife tonse tili bwino, Miracle wayamba sukulu ndipo akutilamula kale m'Chingelezi. Kalata yanu yafika dzulo, itakwinyika ngati inagona m'thumba la kondakitala milungu yonseyi, ndipo ndikuganiza kuti ndi mmene zinalili.

Atate, mawu amtundu wanji amenewa? "Ndikungodikira mathero, ndikawaona ndipumula." Ndawerenga kubwerezabwereza, ndalira mpaka bambo a Miracle anachita kundilanda kalatayo. Amayi tawaika chaka sichinathe, inunso mwayamba kutsazika? Ngati mukudwala ndiuzeni zoona. Foni yanu ndaimba tsiku lonse, ikungoti simukupezeka.

Sewero lija lisiyeni, ndikukupemphani. Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, kumaonera chinthu chimodzimodzi tsiku ndi tsiku, zikungokuwonjezerani chisoni. Ndikanadziwa kuti zidzatero sindikanakuikirani m'fulashi.

Za kusudzulazo musade nazo nkhawa. Akakuuzani kuti njira yatseguka, simupita ku Pembamoyo kukakhala ndi ana amene sakukudziwani. Mubwera kuno. Tachotsa kale katundu m'chipinda chaching'ono chija, bambo a Miracle apaka penti, matiresi tagula. Kuno tivi ili ndi masewero ambirimbiri, ndipo amatha bwinobwino, anthu n'kukwatirana. Ndikanabwera ndekha kudzakuonani, koma akuchipatala andiletsa maulendo ataliatali. Miracle akuyembekezera mng'ono wake cha mu Okutobala.

Ndalemberanso amalume kuwafunsa za umoyo wanu, poti inu mumabisa. Mankhwala ali m'kapepala komangirira kalatayi. Mundiyankhe msanga, mtima wanga suli m'malo.

Mwana wanu,
Fyness


Kalongwe
23 Epulo 2023

Fyness,

Moni kwa nonse. Mankhwala afika, zikomo, bondo layamba kumvera. Nkhani ya mng'ono wake wa Miracle yandisangalatsa kwambiri. Udzisamale, zonyamula uwasiyire amuna ako.

Koma iwe mwana, sukulu yonse ija unaphunzira, kalata ya atate ako yakukanika kuwerenga? Mathero ndimanena a sewero, osati anga. Ine kufa sindinakonzeke, nsawa zanga adzakumba ndani? Ndinaseka mpaka kutsokomola, kenaka ndinachita manyazi kuti ndakuliza uli wotero. Pepa.

Chipindacho zikomo, umuthokozenso mkamwini wanga. Koma poti ndiwe mwana wanga, ndikuuze zoona: sindifuna kuchoka pano. Mango onse ozungulira nyumba ino ndinabzala ndine. Dimba la kudambo mphanje yake ndinaswa ndine. Kutauniko ndikakhala ngati mbuzi yapachingwe, kudikira kuti muweruke kuntchito. Zimenezi zikhale pakati pa iwe ndi ine.

Sewero sindisiya. Iwe ukuti ndi chinthu chimodzimodzi, koma ayi, ulendo uliwonse ndimaona chatsopano. Dzana ndinaona kuti pamene Yosefe akumanga katundu akusiya khasu lake pakhonde, ndipo munthu wopita osabwerera sasiya khasu. Komanso ndikudziwa malo onse amene amako ankaseka, ndi pamene ankaloza apongozi a Yosefe n'kunena kuti wabodza uyu. Pakafika pamenepo ndimawamva. Chinthu chotere munthu angachisiye bwanji?

Ndiye sabata yatha ndinati ndiwayese amalume ako. Chithunzi chitaima ndinati, "Alamu, ameneyu akwera basi. Mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame." Ndinanena dala kuti mwina anditsutse, ati ayi, wapanjingayu akukamubweza. Iwo anati, "Inde alamu, akwera. Munthu akafuna kwawo sumugwira mwendo." Basi anatola kampando kawo n'kumapita. Ndinamva, mwana wanga. Ine sindine mwana, yankho langa ndi lomwelo.

Komabe zigawo zija kandifunire. Kaya Yosefe anakwera, ndione mmene munthu amakwerera basi yotere osagwetsa msozi pamaso pa anthu.

Atate ako,
W. Sakala


Kalongwe
11 Juni 2023

Kwa mbumba yanga Fyness,

Ndati ndikupatse moni, ine malume ako Timoti Mbewe. Kuno tili bwino, takolola, njala chaka chino itiphonya. Kalata yako inafika kalekale, koma ine cholembera chimandilemera kuposa khasu, n'chifukwa chake ndachedwa.

Wafunsa ngati atate ako akudwala. Sakudwala. Amadya kuposa ine, ndipo pakamwa sipanafooke.

Za sewero ndikuuze mosabisa, ine limanditopetsa. Ndaliloweza ngati katekisimu. Ndikudziwa pamene lamba wa chigayo aduke, ndikudziwa pamene galu adutse kumbuyo kwa Yosefe. Koma ndikapanda kupita, atate ako aonera okha ndi mpando wopanda munthu, ndipo ine kwangaku ndikhala ndi yani? Anzathu amsinkhu wathu anatha, tatsala awiri. Atate ako anabwera pamudzi pano ine ndisanakwatire. Kumanga ng'ombe pagoli anandiphunzitsa ndi iwo. Mkazi wanga atamwalira anagona nane panja mpaka tinameta.

Tsopano anthu akundivutitsa. Amayi ako aang'ono a Betty akuti kukolola kwatha, bwanji simukumusudzula munthu, mukufuna anthu azinena kuti tamugwira ukapolo? Ine ndimangoti tiyambe tagulitsa nsawa, tiyambe taona kuzizira kuthe. Bodza lokhalokha. Chilungamo chake n'chakuti munthu wosasudzulidwa sachoka pamudzi. Tsiku limene ndidzanene mawu aja ndiye kuti ndawatsegulira njira, ndipo apita. Anandiuza okha pamaso panga kuti mlendo ndi mame. Ananamizira Yosefe, koma ine sindine mwana. Tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Ndamvanso kuti mwawapakira chipinda. Mwachita bwino, ndi atate ako, ine ndilibe mawu.

Zimene ndalembazi usawauze. Ukapeza mpata unditumizireko magalasi owerengera, kutchalitchi ndikungoimba nyimbo zoloweza.

Malume ako,
Timoti


Mtendere, Lusaka
9 Julaye 2023

Atate,

Moni. Ife tili bwino, ine ndikulemera tsiku ndi tsiku. Nanga bondo likuti bwanji ndi kuzizira kumeneku?

Ntchito munandituma ija ndagwira. Ndinapita kunyumba ya tivi imene inkaonetsa Fumbi la Pachigayo. Mlonda anayamba wandikaniza, koma ataona mmene ndililimu anandipatsa mpando, n'kuitana mayi wina amene wagwira ntchito kumeneko nthawi yaitali. Mayiyo anandiuza kuti amene ankalipirira sewerolo anasiya mwadzidzidzi, gulu lonse linabalalika, wolemba wake anapita kunja. Koma anati mmodzi akupezeka, amene ankasewera mlamu wa Yosefe. Dzina lake ndi a Clement.

Atate, wapanjinga wanu uja ndamuona ndi maso angawa. Masiku ano amawotcherera mafelemu a zitseko ku Kalingalinga, ndipo ananenepa, njinga ija singawanyamulenso. Nditawauza kuti ku Chadiza kuli madoda awiri amene amawaonera tsiku lililonse, anavula magalasi awo akuda aja n'kukhala pansi. Akuti pamsika anthu amawaimitsabe kuwafunsa zomwezo. Akupatsani moni, inu ndi amalume.

Ndinawafunsa kuti ankati afuule chiyani. Anaseka, anati, "Mayi, tsiku lija anangondiuza kuti palasa njinga, yasamula pakamwa. Nditafunsa mawu ake anati tidzakuuza sabata yamawa, wolemba sanamalize." Ndinawakakamiza kuti nanga inuyo mumtima mwanu munkaganiza chiyani. Akuti ankaganiza za unyolo wa njingayo, poti unkangovuka.

Ndiye atate, mathero kulibe. Palibe amene anawabisa, sanalembedwe n'komwe. Pepani, ndikudziwa kuti zikuwawani.

Tsopano ndichita chinthu chimene amalume anandiletsa, Mulungu andikhululukire. Patebulo panga pali makalata awiri, yanu ndi yawo. Inu mwalemba kuti simufuna kuchoka. Iwo alemba kuti akuzengereza kukusudzulani chifukwa akuopa kuti mupita, atsala okha. Pamene munati mlendo ndi mame, iwo anamva kuti mukutsazika, ndiye anakuvomerani chifukwa cha ulemu, chakudya osadya tsiku limenelo. Nonse awiri mwalemba kuti "sindine mwana." Mundikhululukire atate, koma ine ndikuona ana awiri a imvi.

Inenso ndinalakwa kukukonzerani chipinda osakufunsani. Chilipo, koma si khola. Yankhulanani ndi amalume, mukukhala moyandikana tsiku lililonse. Iwonso ndawalembera zomwezi.

Mwana wanu,
Fyness


Kalongwe
30 Julaye 2023

Fyness,

Moni. Tili bwino, mphepo yokha ya kudambo.

Kalata yako ndaiona. Za sewero zinandipweteka, tivi ndinaifunditsa nsalu masiku angapo. Kenaka ndinaivundukula, poti nyumba inali zii. Masiku ano wapanjinga uja ndimamumvera chisoni. Munthu kupalasa chonchija, thukuta lili kamukamu, osadziwa chimene akukanena.

Za amalume ako, sindinakutume ukhoswe. Ngati zimene walembazo zili zoona, pakamwa ali napo, ndipo kunyumba kwanga amabwera tsiku lililonse. Ine zaka zonsezi sindinapemphepo kanthu pamudzi pano, ngakhale mchere, kuti asadzati mwamuna wa Olipa, amako aja, ndi wopemphetsa. Ndiyambe lero, nditachita dazi, kupempha malo ogona? Komanso munthu akhoza kulembera mwana mawu okoma kuti amutonthoze. Ine zimene ndinamva ndi makutu anga n'zakuti munthu sumugwira mwendo.

Nkhuku ndayamba kuzichepetsa. Matumba opanda kanthu ndachapa, ali pamtanda.

Usakwiye nane. Ndikudziwa kuti unachita chifukwa cha chikondi.

Atate ako


Kalongwe
20 Ogasiti 2023

Mbumba yanga Fyness,

Moni, ndine malume ako. Magalasi afika, zikomo. Kalata yako ndaiwerenga ndi magalasi omwewo, mwina n'chifukwa chake yandilowa kwambiri.

Wandiululira chinsinsi, koma sindikukudzudzula. Kumva kuti alamu safuna kupita, ndinatuluka panja n'kuzungulira khola ngati wopenga. Koma ukuti ndingowauza kuti khalani. Mwana iwe, mwambo sukuudziwa. Wosudzula sanena kuti khalani. Ndikatero pamaso pa abale awo a ku Pembamoyo, adzati a Mbewe akufuna ng'ombe za munthu ndi dimba lake, amumasula ndi dzanja ili n'kumugwira ndi linali. Ngakhale kumbali sindinganene, chifukwa mawu a mwini mbumba kwa munthu wosasudzulidwa ndi chingwe. Atate ako, mmene ndikuwadziwira, adzavomera chifukwa cha ulemu, ndipo ine ndidzafa osadziwa ngati anakhala mofuna kapena ndinawamanga. Kusudzula kumafunika kukhale koyera. Munthu akamasuka, anene yekha kumene mtima wake ukuloza.

Zozengereza zandithera. A Betty apita mpaka kwa akulu a mpingo, ndiye tapangana Loweruka pa 16 Sepitembala. Uthenga ku Pembamoyo wapita kale. Ndaona matumba ochapa ali pamtanda kwa atate ako, ndinangoyang'ana kumbali.

Sewero tikuonerabe. Masiku ano chithunzi chikaima palibe amene amayankhula. Timangomuyang'ana munthu wa panjinga uja mpaka batire kuyamba kulira, ine n'kutola kampando kanga.

Utipempherere.

Timoti


Mtendere, Lusaka
1 Okutobala 2023

Atate,

Moni. Kodi muli kuti? Tsiku lija linadutsa kalekale ndipo palibe amene wandiuza kanthu. Foni yanu yazima, ya amalume imangolira. Bambo a Miracle apita kangapo kusiteshoni kukafunsa makondakitala a ku Chipata, akuti kulibe kalata.

Kalata ino sindikudziwa ngati ikupezani ku Kalongwe kapena ku Pembamoyo. Pa envulopu ndalemba dzina lanu lokha ndi Chadiza, ndawauza kuti akafunse paboma. Masiku anga ayandikira, ndipo sindifuna kukalowa m'chipatala osadziwa kumene atate anga akugona. Ngakhale mzere umodzi, chonde.

Fyness


Kalongwe
8 Okutobala 2023

Fyness mwana wanga,

Moni kwa iwe, a Terrance ndi Miracle. Kalata yako yandipeza, ndipo waona kale pamwambapa kumene yandipeza. Pepa pokusunga m'mwamba. Bondo linatupa, pachulu sindikanakwera, ndipo amalume ako foni yawo amaisunga m'nkhokwe kuopa ana. Chimene chinatupitsa bondolo ndi chimene ndikuuze.

Lachisanu lake, dzulo la tsiku londisudzulalo, a Timoti sanabwere. Ndinaika gawo lomaliza ndekha, ndikuti ndilitsazike. Nthawi zonsezi, ine, amako, amalume ako, maso athu amakhala pa wapanjinga, kudikira kuti anene chiyani. Tsiku limenelo, kaya chinandituma n'chiyani, ndinayang'ana Yosefe. Mwana wanga, Yosefe belu la njinga akulimva. Phewa lake likugwedezeka, ndinabweza kumbuyo n'kuonanso. Akumva, koma khosi waumitsa gwa, sakutembenuka. Ndinapsa mtima, ndinamukalipira ndekhandekha m'nyumba kuti tembenuka iwe chitsiru, pakamwa uli napo nawenso. Nditatero ndinadziwa kuti amene ndamutukwana ndi ine ndemwe.

M'mawa mwake anthu anasonkhana pansi pa mango. Ku Pembamoyo kunabwera mwana wa mlongo wanga, Micheal, ndi ngolo yonyamulira katundu, ng'ombe anangozimasula pagoli kuti zipume. A Timoti anaimirira. Mawu sananjenjemere, koma chipewa chawo anachipotokola mpaka sichidzavalikanso. Anati, "Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino mpaka tsiku lake. Tilibe nanu mlandu. Takusudzulani, njira ya kwanu yatseguka." Amayi anaomba m'manja. A Timoti anakhala pansi.

Ndinadikira pang'ono, sindikubisire, kuti mwina awonjezera. Sanawonjezere. Micheal anadzuka kuti akamange ng'ombe.

Pamenepo ndinatsika pampando, ndinagwada pansi ndi bondo langa lomweli, chipewa m'manja. Ndinati, "Zikomo, mwandimasula. Tsopano sindine mkamwini wanu, ndine munthu wapaulendo. Dzina langa ndine Wadson Sakala wa ku Pembamoyo. Ndikupempha malo pamudzi pano."

A Timoti anatembenukira kwa amayi kuti afunse mbumba monga mwa mwambo, koma a Betty anali atayamba kale kulira, akungogwedeza mutu kuvomera. Ndiye amalume ako anatsokomola, anapukuta magalasi ako aja, n'kunena kuti, "Malo alipo, bambo. Pali nyumba ina apa ya mango, mwini wake tangomusudzula kumene."

Anthu anaseka, ena akulira, ine zonse ziwiri. Kudzuka kunandikanika, anachita kundidzutsa ndi a Timoti, ndipo atandigwira sanafune kundisiya. Tinaima choncho madoda awiri pamaso pa ana, manyazi onse atathawa. Micheal anabwerera ndi ngolo yake, tinamuikiramo thumba la nsawa kuti ng'ombe zisayende chabe. Kwa anyakwawa tinakadziwitsa Lolemba.

Amalume ako aulula kuti Fumbi la Pachigayo linawatopetsa kalekale. Ndawauza kuti apirire, ine sindinathane nalo. Koma ukapeza mphamvu, ukawafunse a Clement ngati pali masewero ena amene anadulidwa panjira, utiikire m'fulashi. Otha bwinobwino sitikuwafuna, satisiyira chokangana.

Lowa m'chipatala ndi mtima umodzi, tikukupempherera. Denga la kachipinda kako tayamba kufolera, udzu anabweretsa ndi a Timoti. Kale unkati ukupita kwa amayi, ndipo unkanena zoona, mudzi unali wawo, ine ndinkangokhalira m'dzina lawo. Ukamadzabwera ndi khandalo, wina akakufunsa m'basi kuti ulendo wa kuti, udzamuuze kuti ukupita kwa atate ako.

Ndine,
Wadson Sakala wa ku Kalongwe